Chomwe chikukoka pansi pa Nyanja ya Malawi

Madzi a m'Nyanja ya Malawi ali pamwamba ndi mamita pafupifupi 474 poyerekeza ndi madzi a m'nyanja zamchere. Koma cha ku Usisya, kumpoto kwa Nkhata Bay, chingwe chimatsika mamita 700 chisanagunde pansi. Ndiye kuti pansi pa nyanja yathuyi, kuno kumtunda, ndi potsika kuposa gombe la ku Beira ndi mamita oposa 200. Komanso chimene chingwecho chagunda si thanthwe ayi. Ndi matope. Kunsi kwa matopewo kuli mchenga ndi matope ena owumbana, oyalana kutsika makilomita 4 kapena kuposerapo m'malo ena, musanafike pa mwala weniweni. Mitsinje ya Songwe, Rukuru, Ruhuhu, Bua ndi Linthipe yakhala ikuthira dothi m'dzenje limeneli kwa zaka mamiliyoni koma osalidzaza, poti pansi pake pakutsikabe.

Chidikha chotere chimasunga mbiri yake chokha. Gawo lililonse la matope limagona pa linzake lakale, ndipo mng'alu umene wadula gawo lina n'kulekera pansi pa gawo lotsatira umakhala wadziulula wokha msinkhu. Akatswiri a miyala akaima pa gombe amafunsa zinthu zitatu: n'chiyani chikukoka dzikoli, chikukokera kuti, ndipo kodi chakhala chikukokera komweko chiyambire? Funso lachiwiri ndi lachitatu ndi amene ayambanitsa akatswiriwa kwa zaka zoposa 30.

Poyambira ndi pa lamulo limene Ernest Masson Anderson wa ku Scotland analemba mu 1905. Mwala uliwonse wa pansi umapanikizidwa mbali zitatu: kuchokera pamwamba, chifukwa cha kulemera kwa zonse zimene zausanjikiza, ndi kuchokera m'mbali ziwiri zopingasana. Mphamvu zitatuzi sizilingana, ndipo kusalinganako kukakula mwala umasweka. Ngati yapamwamba ndiyo yaikulu, mng'alu umapendekeka madigiri pafupifupi 60 ndipo mbali imodzi imatsetserekera pansi. Dziko likutambasuka pamenepo. Ngati yaikulu ndi ya m'mbali ndipo yapamwamba ndiyo yochepa, mbali imodzi imakwera pa inzake pa mng'alu wogona, wa madigiri pafupifupi 30, ndipo mapiri amaunjikana. Ngati yaikulu ndi yochepa zonse zili m'mbali, matanthwe amangopisana chammbali popanda wokwera kapena wotsika. Kwathu kuno ming'alu yambiri ndi ya mtundu woyambawo, ndipo lamulo likuti mng'alu wotere umayenda mopingasa kumene dziko likukokedwera. Nyanja yagona kuchokera kumpoto kupita kumwera, tsono kukokako kuyenera kukhala kwa kum'mawa ndi kumadzulo. Zipangizo za GPS zokhomedwa pa matanthwe zikuvomereza: chibenthu cha dziko chotchedwa Rovuma, chimene chanyamula kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, chikutalikirana ndi mbali yotsala ya Africa ndi mamilimita awiri kapena kucheperapo pachaka, ndipo kumwera liwiroli n'lochepa kuposa kumpoto.

Nkhani ikanathera pomwepa ikanakhala yokoma. Vuto n'lakuti Anderson ankaganiza za mwala watsopano, wofanana paliponse, wosaswekapo. Wathuwu si wotero.

Matanthwe a ku Misuku ndi Chitipa ali ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni, ndipo anafinyidwa mpaka kukhala ndi mitsempha yoyenda kuchokera kumpoto chakumadzulo kupita kumwera chakum'mawa. Pakati pawo pali mzere wa miyala yopereseka wotchedwa Mughese, umene umatsikira ku chidikha cha Karonga n'kubisala pansi pa dothi. Miyala ina, ya zaka pafupifupi 1 biliyoni, imalowa kuchokera ku Zambia itayang'ana kumpoto chakum'mawa. Kenako zonsezi zinaphikidwanso ndi kupindidwa zaka 600 mpaka 500 miliyoni zapitazo, pamene zibenthu zinagundana n'kupanga dziko limodzi lalikulu la Gondwana. Mizere yoyera ndi yakuda imene imaoneka pamene msewu wadula phiri ndi zipsera za nthawi zimenezo. Amene anawazapo nkhuni akudziwa kuti nkhwangwa ikhoza kutera mowongoka, koma chikuni chimang'ambika motsata ulusi wake, ndipo chikafika pa mfundo chimakhota. Poona m'mene chang'ambikira simunganene motsimikiza kumene nkhwangwa inachokera. Ming'alu ya m'chigwa chathu ilinso choncho, ndipo uku ndiko kuchimake kwa mkangano wonse.

Kung'ambika koyamba kumene kunasiya zidikha zooneka mpaka lero ndi kwa nthawi ya Karoo, dzina lochokera ku chipululu cha ku South Africa kumene miyala ya msinkhu umenewu inafotokozedwa koyamba. Nthawiyi inayamba zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, dera lino lili kufupi ndi kumapeto kwa dziko kumwera, madzi oundana atalikuta. Madziwo atasungunuka kunabwera madambo ndi nkhalango zonyowa, ndipo zomera zimene zinakwiririka m'menemo ndiwo malasha a ku Mchenga ndi Kaziwiziwi m'boma la Rumphi, a ku Ngana ku Karonga, a ku Lengwe ndi Mwabvi m'Chigwa cha Shire, ndi a ku Moatize ku Tete. Miyala ya Karoo inayalidwa malo aakulu kuposa amene tikuiona lero. Yambiri inakokoloka. Yatsala pokhapokha pamene mng'alu unaitsitsa n'kuibisa ku mvula ndi mitsinje, n'chifukwa chake malasha athu amapezeka m'timagawo tomwazikana, ndipo wokumba amatha kulondola mzere wa malasha n'kungoona waduka mwadzidzidzi, utatsika kapena kukwera mamita angapo. Miyala ya uranium ya ku Kayelekera, imene kampani ya Paladin inakumba kuyambira 2009 mpaka 2014, ili m'mchenga wowumbana wa nthawi yomweyi, m'kachidikha kotsitsidwa ndi ming'alu.

Chofunika apa ndi kumene zidikha za Karoo zayang'ana. Cha Luangwa ku Zambia, cha Ruhuhu ku Tanzania ndi cha Maniamba ku Mozambique zonse zagona kuchokera kumpoto chakum'mawa kupita kumwera chakumadzulo. Cha Ruhuhu chimafika pa nyanja kuchokera kum'mawa, n'kukatulukira tsidya lino cha ku Chiweta ndi Livingstonia. Malasha a mbali ziwirizi ndi apachibale. Nyanja inabwera mochedwa n'kuwadula pakati. Ndiye kuti mphamvu zimene zinatsegula zidikha za Karoo sizinali kukokera kumene za lero zikukokera. Akatswiri ambiri amazilumikiza ndi kupanikizana kumene kunkachitika kumapeto kwa Gondwana kumwera, kumene kunapinda mapiri a ku Cape, n'kugwedeza zipsera zakale mkati mwa dziko.

Zotsatira zake tingazidutse mofulumira. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, Gondwana akuyamba kupasuka, chiphalaphala chinatuluka m'ming'alu ya m'Chigwa cha Shire. Pakati pa zaka 135 ndi 110 miliyoni zapitazo miyala yosungunuka inakwera n'kuumira pansi, ndipo itavundukulidwa ndi kukokoloka inasanduka Mulanje, Zomba, chilumba cha Chilwa, Kangankunde ndi Songwe Hill. Kumpoto, mitsinje inayala mchenga wofiira wa ku Mwakasyunguti, mmene munapezeka mafupa a Malawisaurus amene chifaniziro chake chaima m'nyumba yosungira zakale ku Karonga.

Chigwa chimene tikuchiona lerochi ndi mchira wa nthambi yakumadzulo ya chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, yodzera ku nyanja za Albert, Kivu, Tanganyika ndi Rukwa. Chimayambira ku mapiri ophulika a Rungwe, kumwera kwa Tanzania, n'kutsata nyanja ndi Shire mpaka kukalowa mu Mozambique. Kwa nthawi yaitali ankati chinayamba zaka 8.6 miliyoni zapitazo, potengera msinkhu wa miyala ya ku Rungwe imene Cynthia Ebinger ndi anzake anayeza. Mu 2012 Eric Roberts ndi anzake anapeza phulusa la zaka 25 miliyoni m'chidikha cha Rukwa, ndipo kafukufuku wa m'mene mapiri a Livingstone anazizirira pokwera analozanso ku zaka zoposa 20 miliyoni. Ziwirizi sizitsutsana kwenikweni. Chigwa chikhoza kuyamba mozengereza n'kudzafulumira pambuyo pake.

Maonekedwe ake enieni anadziwika m'zaka za m'ma 1980, pamene gulu la PROBE la ku Duke University, lotsogoleredwa ndi Bruce Rosendahl, linayenda pa nyanja likuwombera phokoso pansi ndi kumvetsera m'mene likubwerera kuchokera ku magawo a matope. Anapeza kuti si ngalande imodzi ya makoma awiri ofanana. Ndi zidikha zingapo zolumikizana, chilichonse chili ndi mng'alu waukulu mbali imodzi yokha, pansi pake patapendekera ku mng'aluwo, ndipo mbaliyo imasinthana. Aliyense woyenda pa sitima ya Ilala amaziona izi ndi maso. Ku Karonga gombe ndi lathyathyathya, la minda ya mpunga, madzi osaya, pamene tsidya linalo mapiri a Livingstone agwera m'nyanja ngati khoma. Mng'alu waukulu uli kum'mawa, ndipo watsitsa thanthwe makilomita pafupifupi 6. Mukafika ku Usisya zatembenuka, phompho lili tsidya lino, ndipo kuya konse kwa nyanja kuli m'tsinde mwake. Kumwera kwake khoma labwerera kum'mawa cha ku Metangula, pomwe ku Nkhotakota ndi Salima kuli mchenga woyenda chotambalala. Kutembenuka kwa pakati pa chidikha cha Karonga ndi cha Usisya kukuchitikira pafupi ndi pamene chidikha chakale cha Ruhuhu chadutsa, ndipo n'kovuta kukhulupirira kuti zangochitika mwamwayi.

Mu 2005 akatswiri otsogoleredwa ndi Christopher Scholz anamanga makina oboola pa chombo cha Viphya n'kutulutsa matope otalika mamita 380 kuchokera pansi pa madzi akuya pafupifupi mamita 600. Matopewo anasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunali zilala zimene zinatsitsa nyanja ndi mamita mazanamazana. Cholinga chawo chinali nyengo, koma anthu a ming'alu anapindula nawo kwambiri: gawo la matope likadziwika zaka zake, ndiye kuti mng'alu umene walidula ndi mamita akutiakuti ukhoza kuwerengeredwa liwiro.

Tsono za mkangano uja. Njira zodziwira kumene dziko likukokedwera zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi chilema chake. Yoyamba ndi kupita pa mng'alu ndi kampasi n'kuyeza timizere timene matanthwe anakalana potsetsereka. Yachiwiri ndi kuona chivomerezi m'mene chinafikira pa makina a m'madera osiyanasiyana, ngati chinayamba n'kukankha kapena n'kukoka, zimene zimaulula m'mene mng'alu unayendera pansipo. Yachitatu ndi GPS. Timizere timanena za kale koma sitinena chaka. Zivomerezi zimanena za lero koma n'zochepa. GPS imafuna zaka zambiri kuti mamilimita ochepawo aoneke bwino.

Jean Chorowicz wa ku France ankati dziko likukokedwera kumwera chakum'mawa, kotero kuti ming'alu ya pakati pa Tanganyika, Rukwa ndi kumpoto kwa Malawi imayenda chammbali. Mu 1992 Uwe Ring, Christian Betzler ndi Damien Delvaux, atayeza ming'alu yodula matope akale a nyanja otchedwa Chiwondo ku Karonga, anati zonse ziwiri zinachitika motsatana: poyamba kukoka kunali kolunjika, kopingasa chigwa, kenako kunatembenukira kumwera chakum'mawa ndipo ming'alu inayamba kutsetsereka mopendama. (Matope a Chiwondo omwewa ndi amene anatulutsa nsagwada ya munthu wakale ya ku Uraha mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo mafupa otere amathandizanso kudziwa msinkhu wa magawo.) Mu 2019 Jack Williams wa ku Cardiff University ndi anzake, kuphatikizapo a Dipatimenti yoona za miyala m'Malawi, anayesa nkhaniyi kumwera. Kumeneko mng'alu wa Thyolo wayang'ana kumpoto chakumadzulo pamene ya ku Zomba ndi Chingale yayang'ana kumpoto chakum'mawa, koma yonse ndi yamoyo. Anawerengera kuti ndi kukoka kotani kumene kungasunthe yonseyo popanda kunamizira kuti miyala ndi yoterera kuposa m'mene ilili. Yankho linali lakuti kukoka kumodzi, kwa kum'mawa ndi kumadzulo kapena kopendekera pang'ono kumpoto chakum'mawa, n'kokwanira.

Ine ndimatsamira ku yankho lomalizali, makamaka pa za lero. Kutembenuza mphamvu zokoka chigawo chonse cha Africa kumafuna chifukwa chachikulu, pamene kupotoza mng'alu umodzi kumangofuna chipsera chakale chogona mopendama. Pakati pa nthawi ya Karoo ndi ino mphamvu zinasinthadi, palibe wotsutsa. Koma m'kati mwa moyo wa chigwa cha lerochi, timizere tokhota ta pa mng'alu wina ku Karonga tikhoza kukhala tikunena za Mughese wobisala pansipo, osati za Africa yense.

Chokokacho n'chiyani? Kum'mawa ndi kumwera kwa Africa n'kokwera modabwitsa, chifukwa pansi pake pali miyala yotentha, yopepuka, yokwera kuchokera mkati mwa dziko. Dera lokwera chonchi limafuna kutambasuka ndi kulemera kwake komwe, ndipo mawerengero ambiri akusonyeza kuti zimenezi n'zokwanira kupitiriza kung'amba. Chachilendo cha chigwa chathu n'chakuti kumwera kwa Rungwe kulibe phiri lophulika lamoyo. Akasupe otentha alipo, ku Chiweta, ku Nkhotakota, ku Liwonde, koma amenewa ndi madzi a mvula amene atsika m'ming'alu n'kukatenthedwa. Ku Ethiopia chiphalaphala chimafewetsa thanthwe ndipo limasweka pamwamba pokha. Kuno thanthwe ndi lozizira ndi louma, limathyoka mpaka kuya kwa makilomita 30 kapena kuposa. Chivomerezi cha ku Salima cha pa 10 Marichi 1989, chimene chinapha anthu 9 n'kusiya zikwizikwi opanda nyumba, chinayambira makilomita pafupifupi 30 pansi. Thanthwe lochindikala chonchi limabala ming'alu yaitali, ndipo mng'alu wautali ndi umene ungathe chivomerezi chachikulu. Cha ku Rukwa mu Disembala 1910 chinafika 7.4 pa muyezo wa mphamvu ya zivomerezi, cha ku Machaze ku Mozambique mu Febuluwale 2006 chinafika 7.0.

Zivomerezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinaphunzitsa china. Kwa milungu iwiri nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza, chachikulu chinafika 6.0, anthu 4 anamwalira, nyumba zambirimbiri zinagwa, ndipo m'minda mchenga ndi madzi zinatumphuka m'ming'alu. Munthu akanafunsidwa chisanachitike kuti choopsa chili kuti, akanaloza mapiri a Livingstone tsidya lija. Koma Juliet Biggs ndi anzake, poyerekeza zithunzi za radar za pa satelayiti, anaonetsa kuti chimene chinathyoka ndi mng'alu wosaya wa pa chidikha chenicheni, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku khoma lalikululo. Unalibe phompho loti n'kuudziwira, poti dothi la mitsinje linali litaukwirira. Lero umatchedwa St Mary. Pambuyo pake Folarin Kolawole ndi anzake anagwiritsa ntchito zimene ndege yoyeza maginito inapeza pa kafukufuku amene anthu anamutcha Kauniuni, ndipo anaona kuti mng'aluwo ukutsata mitsempha ya thanthwe lakale la m'dera la Mughese. Kafukufuku wa SEGMeNT wa mu 2015 anapezanso ming'alu yambiri yamoyo pansi pa nyanja, kutali ndi makoma. Zikuoneka kuti chidikha chikamakula, gawo lina la ntchito limachoka m'mphepete n'kulowa mkati, ndipo mkatimo, mbali ya mtunda, ndi momwe muli midzi, minda ndi misika.

Mbiri yomweyi ndi imene amaifunsa ofuna mafuta. Uganda atapeza mafuta m'chidikha cha Albert mu 2006, maso anatembenukira kuno, ndipo chilolezo chimene kampani ya Surestream inapatsidwa mu 2011 chinadzutsa mkangano wa malire ndi Tanzania. Matope akuya alipo, ming'alu yotchinga mafuta ilipo. Koma mng'alu umene ukusunthabe umathanso kutsegula chimene unatseka, ndipo nyanja imene madzi ake amatenga zaka mazana kuti asinthike siiwala msanga chotayikiramo.

Mu 2022 akatswiri a ku Bristol, Cardiff ndi Malawi anatulutsa mndandanda wa ming'alu 113 imene ikuoneka kuti ndi yamoyo. Wotchuka mwa yonse ndi wa Bilila-Mtakataka, wautali makilomita pafupifupi 110, woyenda m'tsinde mwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza kudzera ku Kasinje, Golomoti ndi Mua. Uli ndi chitunda chooneka chatsopano, chotalika mamita 10 kapena kuposa m'malo ambiri, chimene chadula dothi ndi makwawa. Mu 1997 James Jackson ndi Tom Blenkinsop ananena kuti ngati chitundachi chinabadwa tsiku limodzi, chivomerezi chake chinali cha pafupifupi 8. Michael Hodge ndi anzake atachiyeza bwino ndi zithunzi za pa satelayiti anapeza zizindikiro zoti m'malo ena chinakwera maulendo awiri kapena kuposa, komanso kuti pamwamba mng'aluwu umatsata mitsempha ya thanthwe m'madera ena, n'kuidula chopingasa m'madera ena. Kukhotakhota kumeneku kukhoza kukhala kwa pamwamba pokha. Ngati pansi ndi timing'alu tosiyana, kalikonse kadzathyoka pakokha ndi chivomerezi chocheperako. Ngati ndi umodzi wowongoka, ukhoza kuthyoka wonse pakamodzi, kuyambira ku Balaka mpaka kufupi ndi Salima. Pa liwiro la milimita imodzi pachaka, mamita 10 amafuna zaka 10,000 kuti aunjikane, pamene makina oyeza zivomerezi padziko lonse angokwanitsa zaka 100 ndi zochepa chabe.